Uko n'kwa Amayi

Mpaka lero amalume a mkazi wanga akamva mawu akuti Senga Bay amavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Mlandu ndi wanga, ngakhale ena ndikuwakayikirabe.

Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire. Tiyamike, amene ndinkafuna kumukwatira, anandiuza kuti amalume ake, a Chisale, mkulu wa mpingo wa ku Chitala, akufuna andione kaye khalidwe asanalole chinkhoswe. Ndinaganiza zowatengera kunyanja tsiku limodzi, akaone kuti mphwawo akupita kwa munthu wodziwa zinthu.

Mnzanga wina anali atandichenjeza kuti kunyanja aliyense wokupatsa moni ali ndi cholinga. Ndinasunga mawuwo. Wakabaza atatifunsa pa Salima kuti "Mwadzuka bwanji?" ndinamuyankha kuti "Wafunsiranji?" (Ndikulumbira, mpaka njinga yake inandiyang'ana.)

Poyamba zinayenda bwino. Ndinawaonetsa hotela yakale ya nthawi ya atsamunda, tili kunja kwa mpanda. Ndinawalozera chilumba cha Namalenje n'kuwauza kuti ng'anzi zake n'zazitali ngati minibasi, ndipo sindikubweza mawu. Tinadutsa pa matandala oyanika usipa, ine dzanja lili pathumba. Ogulitsa ziboliboli ndinawalambalala ngati ali ndi chifuwa.

Chinatsala chinali mwala waukulu kumapeto kwa mchenga, umene ndinamva kuti Aluya ankamangirirapo zombo zawo kalekale. Tikulowera komweko, mkulu wina wa kofia yoyera, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo, anatikodola.

"Achimwene, uko musapite. Uko n'kwa amayi."

Ndinatsinzinira amalume diso. "Mwaona? Ayamba."

Ndiye ndinatembenuka. "Amayi ake a ndani? Nyanjayi anaigula liti?"

"Sikuti anagula ayi. N'kwa amayi basi. Wallahi, ndikulumbira, bwererani."

"Kodi mwina tibwerere kumene?" anatero amalume.

"Ayi bambo, machenjera amenewa ndimawadziwa. Afuna atiperekeze okha. Inu nditsateni."

Mkuluyo anafuula kachitatu kuti, "Ndiye kuwani odi!" Ine ndinaseka. Odi pamwala?

Ndinatulutsa foni, n'kuyatsa vidiyo, kuti Tiyamike akaone mmene ndasamalira amalume ake. Ndinazungulira mwala uja foni ili m'mwamba, mawu ali pamwamba: "Pano, bambo, m'pamene makolo athu ankaona zoopsa!"

Kuseri kwa mwalawo kunali doko losambirapo amayi. Analipo khumi ndi awiri, kapena makumi anayi, sindinaime kuti ndiwerenge. Sopo ali m'mutu, zitenje zili pamchenga.

Mfuu imene inamveka inathamangitsa mbalame mpaka ku nkhalango ya Kuti.

"Akujambula! Ameneyo akujambula!"

"Ndi madalawo! Taonani, avaliratu magalasi kuti aone bwino!"

Apa ndiyenera kuvomera chinthu chimodzi. Ndinathawa. Ndinathawa ndekha. Ndinaiwala kuti ndabwera ndi munthu wa bondo lotupa, wovala jekete ndi nsapato za ku tchalitchi. Nditacheuka ndinaona amalume ataimirira, chipewa ataphimba nacho kumaso, akubwereza kuti "Pepani amayi, ndine mkulu wa mpingo," chitenje chonyowa chikuwatera pamsana ngati akupuntha mapira.

Anatipulumutsa ndi mkulu wa ukonde yemwe uja. Anaima chofulatira, msana atalozetsa kumadzi, n'kupepesa m'malo mwathu. Mayi wina wamphamvu anatuluka atamanga chitenje pachifuwa, n'kundilondola kumene ndinathawira, n'kundilanda foni. Vidiyo anaifufuta yekha (inali itajambula mchenga ndi chala changa), kenaka anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Kwanu amayi ako amasambira pamsewu?"

Ndinalandira foni yanga ndi manja awiri.

Tinakwera minibasi yobwerera. Jekete ya amalume inkadontha, ikununkhira sopo wochapira. Tikutsika pa Salima m'pamene anati:

"Mwana iwe, zoti sumva ndikanakhululuka. Amuna ambiri samva. Koma liwiro lija. Nyumba ikadzapsa, mphwanga adzatuluka yekha?"

Chinkhoswe anachiimitsa chaka chathunthu. Chaka chonsecho ndinkapita ku Chitala kukapalira chimanga chawo, iwo atakhala pamthunzi kuonetsetsa kuti sindikuthawa.

Ndaphunzira kuti munthu akati n'kwa amayi, usafunse kuti a ndani. Komabe mkulu wa ukonde uja ndimamuganizira. Anandiona bwinobwino kuti ndine munthu wosamva. Nanga anandichenjezeranji katatu kokha?