Mabotolo Atatu ndi Boti la Amalume

Ambuya anandilera ndi ndagi, ndiye lero ndikuphereni yangayanga: chimayenda pamadzi koma si nsomba, chimatsokomola ngati nkhalamba, chikadutsa ana onse amamva njala. N'chiyani? Musadzivute, anzanga, yankho lake ndinalipanga ndine ndi manja angawa, ndipo mpaka pano ndikamadutsa pa damu la kwathu ku Kanakantapa ndimayenda choweramira.

Amalume anga a Lameki anagula injini yakale ya boti kwa munthu wina wa ku Kafue. Miyezi itatu akuikonza pansi pa mango, mwendo wake uli m'diramu la madzi. Anali atalonjezedwa ntchito yonyamula anthu ndi katundu pamtsinje ku Luangwa, koma mwini ntchitoyo anati abwera Loweruka adzaone yekha ngati injiniyo imayendadi, ikakana ntchito apatsa wina. Ine zimenezo zinkangondidutsa. Chibadwire ndinali ndisanakwerepo boti, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditakhala kale kutsogolo, chitenje chikuuluka, anzanga a kusukulu akupsa mtima kumtunda.

Lachisanu amalume anandituma ku Chongwe kukagula oyilo wa injiniyo. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti oyilo wake ndi wa mitundu iwiri: wina wopepuka, wosakaniza ndi petulo kuti injini isapse m'kati, wina wolemera wa magiya, wothira kumwendo kuja kumene kuli chopalasa madzi. Wa galimoto ayi, wa thirakitala ayi. Amayi atamva kuti ndikupita anati ndiwagulirenso saladi, mafuta ophikira, mawa akazinge vitumbuwa vogulitsa anthu odzaona boti. Kwathu sitigula chigubu chathunthu, timapimitsa, ndiye ndinanyamuka ndi mabotolo atatu a madzi akumwa opanda kanthu, ofanana ngati ana a mimba imodzi.

Wogulitsa oyilo atandipimira anandipatsa cholembera. "Lembamponi, mami, muzasokoneza."

Ine kulemba? Mdzukulu wa ambuya, wosunga ndagi zosawerengeka m'mutu? Ndinakana mwaulemu, n'kupeka yangayanga: chivindikiro chobiriwira chimamwa ndi petulo, choyera chimayenda ndi mwendo, chofiira chimalowa m'khitchini. Ndinatuluka ndikudzimva wanzeru kwambiri.

Mu minibasi, titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, mabotolo anayamba kudontha. Mayi amene ndinakhala nawo anandionetsa banga pa chitenje chawo, n'kundiuza kuti mwana wamkazi wamkulu ngati ine sindikudziwa kuika kapulasitiki pansi pa chivindikiro? Ndinang'amba pulasitiki, n'kutsegula onse atatu nthawi imodzi, zivindikiro pamiyendo. Nthawi yomweyo tinadutsa pamlatho, ndinaona madzi, ndipo basi, ine ndinali m'boti kale, ndikubayibitsa anthu. Pomwe ndinkabwerera m'thupi mwanga mabotolo onse anali otseka bwinobwino. Ndani anatseka? Ine. Chiti pa liti? Mulungu yekha.

Kunyumba ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuyamba kufufuza. Wa magiya sanavute, ndi wolemera ndipo amanunkha mazira oola, ngakhale ine wachimfine chotseka mphuno ndinamumva. Awiri otsalawo onse agolide, onse opepuka, onse osanunkha kanthu kwa ine. Mukuti bwanji sindinafunse amalume? Anali atangondiyamika pamaso pa anthu oyandikana nafe kuti Zelipa ukamutuma sumadandaula. Ndikanayamba bwanji? Ndinawayang'anitsa padzuwa, limodzi linali loyera mbee, linalo loderako. Ndinalingalira kuti injini ya pamadzi, yosakhudza fumbi, iyenera kumwa choyera. Loderalo ndinakaika m'khitchini.

Loweruka m'mawa damu linadzaza anthu. Amalume anathira wa magiya pa kabowo ka pansi mpaka anatulukira pa ka pamwamba, ine n'kundiuza kuti ndipime winayo, ndithire m'chigubu cha petulo, ndikhutchumule. Ndinakhutchumula ndi mtima wonse. Amayi anali atayatsa mbaula pansi pa mtengo. M'boti lobwereka tinalowa anayi: amalume, abwana a ku Luangwa aja ndi nsapato zawo zonyezimira, ine kutsogolo, ndi mng'ono wanga Tisa wa zaka zisanu.

Chingwe kukoka kachitatu, injini inalira. Anzanga, tinauluka! Mphepo kumaso, madzi akugawanika, zonse monga ndinalotera. Kenaka Tisa ananena kuti ali ndi njala. Abwana anakweza mphuno, kununkhiza uku ndi uku, n'kufunsa ngati kutsidya kuli msika. Chimfine changa chinasankha nthawi yomweyo kutseguka. Fungo la vitumbuwa, lenileni, la pa siteshoni ya basi, likutuluka kumbuyo kwa boti. Injini inatsokomola kamodzi, kawiri, n'kuzima pakati penipeni pa damu.

Kunali zii, ndiye tinamva bwino za kumtunda. Pa mbaula ya amayi pankafuka utsi wabuluu, anthu akuthawa atagwira mphuno, amayi akuthamanga m'mphepete mwa madzi botolo lili m'mwamba, akuitana dzina langa lonse, ndi la ubatizo lomwe.

Amalume sanakalipe. Anatsegula chigubu, ananunkhiza, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zelipa, unathila chani muno?"

"Woyela uja, amalume."

"Woyela."

"Unaoneka monga ni wabwino kupambana."

Nkhafi tinali titaziiwala kumtunda, poti ndani amanyamula nkhafi tsiku loonetsa injini? Amalume anapalasa ndi chivindikiro cha ndowa, ine ndi patapata, abwana anavula nsapato imodzi yonyezimira ija n'kuyamba kupalasa nayo. Boti linkangozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa, anthu kumtunda akutiwerengera maulendo. Ndinayang'ana msana wa amalume, malaya atanyowa ndi thukuta, miyezi itatu ya pansi pa mango ikuthera m'patapata yanga, ndipo kulota konse kunandithera.

Titafika, amalume anakhuthula petulo yense, anatsuka mapulagi, analanda botolo m'manja mwa amayi n'kupimira bwinobwino oyilo amene anatsala m'petulo watsopano. Anakoka chingwe, kukana. Anakokanso, kukana. Ine ndikupemphera mapemphero onse amene ndinaphunzira. Kachisanu inalira, utsi wake wonunkha bwino, wa injini. Abwana, nsapato imodzi ikudontha madzi, anaseka mpaka kukhala pansi, n'kunena kuti injini yofika pakati pa damu ndi saladi, ikamwa zake zenizeni ikafika ku Luangwa yokha. Ntchito anawapatsa amalume.

Ulendo wachiwiri anakwera ndi ena. Ine ndinatsala kumtunda ndikukwecha chiwaya ndi mchenga, mpaka amayi anati ndichitaye, palibe adzadyenso za mmenemo. Ambuya atamva anangoti ndagi imaphedwa ndi pakamwa, sathira mu injini. Ndinalumbira pomwepo kuti botolo lililonse lodutsa m'manja mwanga ndidzalilemba, ngakhale la madzi, ngakhale lopanda kanthu.

Tikubwerera kunyumba, amalume atasenza injini, amayi atasenza mtanda wawo wosakazinga, Tisa anakoka malaya a amalume.

"Amalume, nanga vitumbuwa vamene boti inakazinga, vinagwela mumadzi?"