Sutikesi Yosalowerera Nkhondo

Lolemba, 12 Malichi

Ndege ndi ya Lamulungu. Ukwati wa Tiyamike ndi Loweruka lotsatira, ku Chilomoni. Diresi ndagula kale, lapachikidwa pachitseko cha kachipinda kanga kuno ku Lewisham, kudziko la Angelezi, m'thumba lake loyera. Zaka zitatu ndili kuno, mlongo wangayu sanandipemphepo ngakhale sokosi. Wapempha chokhachi. Diresi likapanda kufika, inenso ndisaoneke ku Blantyre.

Sutikesi imodzi, makilo 23. Zolowamo:
- diresi
- suti yanga ndi tizovala
- nsapato za amayi
- mabuku awiri a ku laibulale, poti asayimenti ikufunika tsiku lobwerera lomwelo

Asayimentiyo ndi ya Amereka lidakali dziko lakhanda. Angelezi ndi Afalansa akumenyana, Aamereka akuti nkhondo yanuyo ife sitilowerera, zombo zathu zinyamula katundu wa aliyense. Nzeru bwanji! Ndikuwerenga uku ndikugwedeza mutu, chifukwa nanenso ndili pakati pa maufumu awiri. Anti Nachisale a ku Barking anandisunga miyezi inayi nditangofika. Anti Nambewe a ku Woolwich anandipezera ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Chigawanikireni gulu la mapemphero chaka chatha, awiriwa sapatsana ngakhale moni. Onse amva kuti ndikupita kumudzi. Ine sindinauze munthu!

Mfundo yanga: sindilowerera. Aliyense makilo atatu, basi.

Lachiwiri, 13 Malichi

Ku Barking, kukabwereka sikelo. Anti Nachisale: "Ndi kaphukusi chabe, mwana wanga, sukamva n'komwe."

Kaphukusiko:
- ketulo yamagetsi
- ayironi
- nsapato mapeya asanu
- mafuta odzola, mabotolo anayi aakulu

Makilo asanu ndi awiri! Ndikutsegula pakamwa kuti ndinene za makilo atatu, iwo akundiwonjezera nkhuku m'mbale. Munthu ungakane bwanji uli ndi fupa mkamwa? Pakhomo akundifunsa: "Za ku Woolwich sunyamula, eti?" Ndikungoseka ngati chitsiru. Kuseka si kunama.

Mu sitima ya District line chikwama chili pakati pa miyendo, buku pamaondo. Tsamba la lero: boma la Amereka linkalemba amalonda oti aziperekera asilikali ufa, nyama yamchere ndi mabulangete. Katundu akachedwa kapena akaperewera, wotukwanidwa ndi wonyamula. Ndapinda kona ya tsambalo.

Lachitatu, 14 Malichi

Sutikesi yanga inang'ambika zipi kalekale, ndiye ndili ku Woolwich kukabwereka ya Anti Nambewe. Ndikuinyamula, ikukana kuchoka pansi. "Ndangoponyamo tizinthu ta adzukulu." Tizinthuto ndi makilo asanu ndi atatu, kuphatikizapo galimoto yoseweretsa yomwe ikulira yokha basi ikagunda bampu. Anthu onse akundicheukira.

Kunyumba ndikulongedza zonse. Kukwera pa sikelo ndekha, kukweranso nditakumbatira sutikesi, kuchotsera. Makilo 30. Kusuntha sikelo, kuiika pakhonde. 30. Kuvula nsapato, ngati kuti vuto ndi nsapato. 30 yomweyo!

Diresi ndalitulutsa, ndalibwezera pachitseko kuti lisakwinyike. Madzulo onse ndikungoliyang'ana, asayimenti sindinalembe ngakhale mzere.

Lachinayi, 15 Malichi

Ndinaiwala kuti Anti Nambewe ndi nesi, ndipo chipatala chawo chili chapafupi pomwepa. Atulukira akuweruka, osaimba foni, yunifomu ili m'thupi. Molunjika pa sutikesi. Zipi, fwaa!

"Ketulo iyi ndi ya ndani?"

Pa tepi palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: KWA AMAYI A NACHISALE, NDIRANDE.

"Sutikesi yanga ine sinyamula katundu wa mzimayi ameneyo."

Ketulo pabedi. Ayironi pabedi. Nsapato khumi pabedi. Ndendende zimene ankachita Angelezi: kuimitsa chombo pakati pa nyanja, kukweramo, kufufuza, kulanda. Aamereka ankalemba makalata odandaula. Ine ndawapangira tiyi.

Pasanathe maola awiri foni ikulira, ndi ku Barking. Nkhani yafika kale. Yadutsa kuti? Anthuwa paja sayankhulana! "Ndiye sikelo yanga ikuyeza katundu wa ku Woolwich?" Kenako akuti galimoto ya ankolo, amuna awo, yomwe imayenera kundiperekeza kubwalo la ndege ku Heathrow, yayamba kumveka kaphokoso kachilendo.

Ndakwiya, ndipo ndikuchita mantha. Zonse ziwiri.

Lachisanu, 16 Malichi

M'mawa, mutu wachisanu wa buku. Aamereka atatopa nako kulandidwa anakhazikitsa lamulo: chombo chathu chilichonse chisatuluke padoko, adaniwo asowe katundu, amve kuwawa. Eya! Amuna anzanga! Ndatseka buku pomwepo, ndalemba uthenga umodzi, ndatumiza kwa onse awiri: "Anti, pepani, ulendo uno sindinyamula katundu wa munthu aliyense."

Zotsatira, nkhomaliro isanakwane:
- ku Woolwich akufuna sutikesi yawo mawa
- ku Barking akufuna sikelo yawo mawa
- galimoto ya ankolo yafa kotheratu
- amayi aflasha katatu kuchokera ku Blantyre

Ndikukanda khadi, ndikuimba. "Iwe, anthu amene anakusunga ngati mwana wawo wawatani? Ukufuna ndiziyenda chozolika kutchalitchi?" Ndikuyesa kufotokoza za makilo, khadi latha.

M'basi popita ku shifiti ndikutsegulanso buku pomwe ndinasiyira. Mayo ine! Lamulo lija linapweteka eni ake omwe. Zombo kuolera padoko, amalonda kulira, amalinyero kusowa ntchito, Angelezi osatekeseka n'komwe. Masamba atatu okha! Ndikanangowerenga masamba atatu okha ndisanagwire foni!

Uthenga wa Tiyamike: "Achimwene, atelala akuti diresi lifike Lolemba kuti aone m'chiuno. Sindikugona ndi chimwemwe." Ndimuuza kuti chiyani? Ndili ndi diresi, ndilibe choliikamo, ndilibe chondifikitsa kubwalo la ndege.

Loweruka, 17 Malichi

Shifiti ya m'mawa. Agogo ena ndawaveka juzi chotembenuza, andikalipira, ndipo akulondola.

Ndikufika kunyumba cha m'ma 3, pamasitepe ndikumva kuseka m'chipinda mwanga. Kuseka kwa anthu awiri. Mwini nyumba wawatsegulira. Anti Nachisale akhalira sutikesi, Anti Nambewe akukoka zipi. Anakumana pakhomo, wina kudzatenga sikelo, wina sutikesi, ndipo apeza nkhani imodzi yogwirizana. Nkhaniyo ndine.

"Sukulu yamuwononga mwanayu, achemwali."

"Ndinaziona kale ine, achemwali. Uthenga umodzimodzi kwa tonse, ngati ndife ofesi!"

Achemwali! Chaka chonse abusa analephera kuwagwirizanitsa.

Sutikesi yakulungidwa tepi mbali zonse. Makilo 23 ndendende, ayeza okha kawiri. M'katimo: za ku Barking, za ku Woolwich, nsapato za amayi, ndi kaphukusi ka mayi wina wa ku mapemphero yemwe sindimudziwa. Pabedi: suti, zovala zanga, mabuku. Pachitseko: diresi.

"Diresi la ukwati salipanikiza m'sutikesi, iwe. Ulinyamule pamanja."

Ndikufuna kukuwa. Ndikuti zikomo, anti. Galimoto ya ankolo yachira.

Lamulungu, 18 Malichi

Heathrow. Dzanja ili chikwama cha suti ndi mabuku, dzanja ili diresi. Mayi wa pakauntala akuyang'ana uku, akuyang'ana uku, akukweza chala chimodzi. Lamulo la masiku ano: cholowa nacho m'ndege ndi chimodzi chokha. Ndikuchonderera. Chala chili chiimire.

Sindinaganize nthawi yaitali. Chikwama chabwerera ndi ankolo ku Barking. Asayimenti ndikailembera kumudzi ndi zomwe ndikukumbuka, ndipo ndikukumbuka zambiri ndithu.

Pano ndakhala podikirira ndege, diresi pamaondo, nditalipinda kamodzi kokha. Mzungu wina wokalamba wandigwira chanza, akuyesa mkwati ndine. Sindinamutsutse, mphamvu zatha. Zovala zomwe ndili nazo za milungu iwiri ndi zimene zili m'thupizi.

Ndamulembera Tiyamike kuti diresi lanyamuka, suti yatsala. Wayankha nthawi yomweyo: "Nanga inu mukavala chiyani pondilowetsa m'tchalitchi?"

Jekete la malemu bambo likadali m'kabati mwa amayi. Ndi lalifupi mikono. Ndikavala lomwelo.