Wodwala wa m'Ngolo ya Apongozi

Nzeru zonsezi zinabadwira pa kachasu, Lachisanu lina masana mu Okutobala wa 1994, kuseri kwa msika wa pa boma la Chadiza. Mwini nzeruzo anali Mailosi, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anagwirako sipanala milungu iwiri pamene anthu a mijigo ankakumba ku Zemba. Kuyambira pamenepo panalibe chinthu cha mapaipi kapena mabawuti chimene sankachidziwa, pakamwa. Anzake anali awiri: Ezekiel, chimunthu chotchedwa Thalakita, ndi Manase, wodziwika kuti Loya, amene anapambana milandu yambiri pa mowa koma kukhoti ngakhale umodzi.

Mailosi anali mkamwini, ndipo ukamwini wake unali kudwala. Itatha nkhani ya mbuzi ya eni ake imene inapezeka itasochera mumphika mwake, apongozi ake aakazi, a Regina, anatumiza mawu kudzera kwa ankhoswe kuti akadzangobwereza kamodzi, adzaone msewu. Mailosi ankamukonda ndithu mkazi wake Idesi, pamenepo tisamunamizire, ndipo kuchotsedwa pamudzipo ankakuopa kuposa jele. Koma m'mutu mwa Injiniya, njira yokondweretsera apongozi inali kuwagulira malata, ndipo njira yopezera malata inali kuba.

Woberedwayo anali atamusankha kale. Kumapiri a ku Zingalume kunali mkulu wina, a Philemon, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri m'minda ya mphesa ku Kepu. Atabwerako anabzala mphesa zawo, chiswe n'kudya zonse, iwo osataya mtima n'kuyamba kupanga vinyo wa magwafa, wa masuku ndi wa mabulosi. Loweruka lililonse aphunzitsi, manesi ndi alangizi a zaulimi ankapalasa njinga kukakhala pakhonde lawo, kumalawa vinyo uku akuyang'ana mapiri a kumalire a Mozambique. Injiniya anati iye ndi anzakewo adzapitako mawa lake ngati ogula thonje a ku Chipata, aone pamene pali chuma, ndipo Lamlungu a Philemon ali kutchalitchi adzanyamule. Wa bala wina wa kumalire anali atalonjeza kugula osafunsa.

"Akuluakulu, ntchito iyi ndi ya sayansi," anatero Injiniya. "Inu mungobweretsa mapewa, mutu ndabweretsa ine."

Loweruka anafika atavala majekete obwereka, thukuta lili kamukamu. A Philemon anawalandira mwaulemu, n'kupatsa aliyense kapu yagalasi yokhala ndi timadzi tofika pa chala chimodzi. Anaphunzitsa mwambo wake: uyang'anitse kudzuwa, uzunguze, ununkhize, upsontheko, kenaka ulavulire mu ndowa. Thalakita anayang'ana ndowa ija ngati munthu woyang'ana m'manda.

"Mudala, mukuti tilavule? Mowa?"

A Philemon anati ku Kepu amatero kuti lilime lisaledzere. Nesi wina ananunkhiza n'kunena kuti akumva fungo la mvula yoyamba. Loya, posafuna kutsalira, anatseka maso n'kulengeza kuti wa masukuyo ali ndi umboni wokwanira koma wa magwafa akufunika apilo. Thalakita atafunsidwa anati iye akungomva kuti kapu yachepa. Ankapita pa ndowa paja mokhulupirika, kuwerama, n'kulavula mate okhaokha.

Kenaka mkuluyo anawaonetsa m'shedi. Pakona panali dramu lalikulu lapulasitiki, lodzaza vinyo wa mabulosi. Pachivundikiro pake panatuluka kapaipi kolowa m'botolo la madzi, ndipo madziwo ankangoti bwibwibwi.

"Uyu ndi khanda, akupuma," anatero a Philemon akulisisita. "Safuna dzuwa, safuna kugwedezedwa, ndipo osamutseka pakamwa."

Injiniya anatsinzinira anzake. Pobwerera anawafotokozera kuti munthu akakuletsa kukhudza chinthu, chuma chili pomwepo, ndipo za kupumazo ndi nthano zoopsezera anthu osapita kusukulu.

Lamlungu m'mawa Mailosi anatuma Idesi kukapempha ngolo ndi ng'ombe ziwiri za a Regina, ati amalume a Manase adwala mwakayakaya, afunika kuwatengera ku kiliniki. A Regina anali mayi wa mapemphero, mpingo wawo wa chipentekosite unkasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo pawo pomwe. Anavomera, n'kuwonjezapo bulangeti lawo loyera kuti wodwalayo afunde. Idesi anamuyang'ana mwamuna wake ndi maso onyadira, ndipo Mailosi anamva kamtima kakumuluma, koma anakameza.

Pa shedi paja Injiniya anayala zida zake zothyolera loko, n'kulimbana naye mpaka Thalakita anatopa, nanyamula chitseko chonse n'kuchiimika pambali. Dramu analikweza. Ngolo itangosuntha, botolo lija linagwa, kapaipi n'kuyamba kulavula thovu. Injiniya anapukusa mutu, nati mzungu wopanga dramuli anaiwala kutseka bowo. Anazula kapaipi, anakhomerapo chitsononkho ndi mwala, namanga chivundikiro chonse ndi malegeni mpaka osatulukanso ngakhale kampweya. Analigoneka chammbali, kulifunditsa bulangeti la apongozi, n'kuika chipewa cha Loya kumutu kwake. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi: anyamatawo ananyamuka akuimba.

Dzuwa la Okutobala silinyengerera munthu, ndipo msewu wa kumeneko ndi mabampu okhaokha. Atayenda ola limodzi, wodwala anayamba kubuula. Anakumana ndi amayi atatu ochokera ku Misa, amene anaima n'kufunsa kuti akudwala ndani. Loya anagwetsa nkhope, nati ndi amalume, mimba yatupa kuyambira dzulo. Pamenepo ndiye ananena zoona koyamba m'moyo wake, chifukwa bulangeti linali litakwera ngati chulu. Pansi pake panamveka kulira kwautali, kochokera m'kati. Mayi wina anagwira pakamwa, nawauza kuti athamangitse ng'ombe, munthuyu safika.

Mailosi anazikwapula. Ngolo inadumpha miyala, dramu likugubuduka uku ndi uku. Thalakita anati mwina alimasuleko pang'ono, koma Injiniya anamufunsa kuti pakati pa awiriwo anagwirapo sipanala ndani. Kuti wodwala asagwe, onse atatu anamukhalira pamwamba.

Pa mphambano yolowera kumudzi kwa a Regina, dramu linaphulika ngati mfuti ya gogodela. Chivundikiro chinapita kumwamba, anthu atatu n'kupita m'mbali, ndipo mvula yofiirira inagwa pa iwo, pa ngolo ndi pa ng'ombe zomwe. Ng'ombe zikadzidzimuka sizifunsa njira. Zinakhota zokha, michira m'mwamba, kulunjika kukhola kwawo.

Loya anadzuka m'fumbi akunena kuti malamulo akulola kuthawira ku Mozambique. Koma Mailosi anaona ukwati wake ukuthamanga pa mateyala awiri, ndipo anauthamangira akukuwa mayina a ng'ombe. Anzakewo, posadziwa kwina kopita ndi nkhope zotero, anamutsata.

Pabwalo la a Regina mapemphero anali atafika pakolasi pamene ngolo inatulukira yopanda woyendetsa, bulangeti lili lonyowa, lofiira, likudontha. Amayi anayamba kulira maliro. Idesi anadzigwetsa pansi poganiza kuti mwamuna wake waphedwa pa ntchito yachifundo. Abusa analimba mtima, anayandikira akudzudzula mzimu wa imfa, navundukula bulangeti. Fungo limene linatuluka pamenepo, ngakhale amene anabadwanso mwatsopano kalekale analizindikira msanga. Maliro anazima. Ndiye potulukira amuna atatu ali wefuwefu, ofiirira kuyambira kutsitsi mpaka kuzala, Thalakita akunyambita mkono.

Panalibe chowathamangitsira. Anyamata a kwaya anangowakhazika pansi n'kuwamanga ndi malegeni a Injiniya omwe. Posakhalitsa a Philemon anafika pa njinga ali mu suti ya kutchalitchi, atatsata modutsa mateyala a ngolo kuchokera pa shedi. Anaviika chala m'dramu long'ambikalo, analawa, analavula, misozi ili lengelenge. Anati pakanangodutsa milungu ina itatu, uyu akanakhala vinyo woposa onse amene anapangapo, ndipo anatuma munthu kukaitana apolisi ku boma.

Mailosi za apolisi sanazimve n'komwe. Maso ake anali pa a Regina. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati wake, mayiwo, monga mwa ulemu wa mpongozi ndi mkamwini, ankapatuka akakumana naye panjira, ankalankhula naye kudzera mwa ena, ndipo dzina lake anali asanalitchulepo. Tsopano anadutsa pakati pa mpingo wonse, anaima pamaso pake penipeni, namuyang'ana m'maso. Idesi anayambanso kulira, ulendo uno motsitsa, chifukwa anadziwa tanthauzo lake.

"Mailosi," anatero a Regina, mofatsa ngati akulankhula ndi mlendo wongodutsa. "Iwe Mailosi. Njira ya kwa amako ukuikumbukira?"