Mapazi a Malume pa Mkeka wa Eni Ake

"Mapazi amenewo mukakawaonetsa kwa eni ake a mtsikanayo, Yohane afa asanakwatire!"

Anatero mayi a kunyumba ine ndikuvala majombo. Ndinawayankha kuti mkazi akufunidwa ndi Yohane, mwana wa mlongo wanga, osati zala zanga, kenako ndinamenyetsa chitseko.

Vuto linali pakati pa zalapo. Ndimalima mpunga ku Chinguluwe, tsiku lonse m'madzi, ndiye khungu linayera, kusupuka, kuyabwa ngati chitedze. Mafangasi. Ndinawaphunzira ku sekondale ine, choncho sindinafunse munthu. Ndinayamba ndi mchere. Kenako parafini. Kenako mafuta a mabuleki (amene anandiuza zimenezi ndikumufunabe). Atakanika, ndinagula makapisozi pamsika wa Khombedza n'kumameza ngati mtedza. Mapazi sanasinthe, koma lilime linayera ngati ndanyambita ufa.

Kuchipatala adokotala anapukusa mutu. "Bambo, mafangasi aliyense ali nawo, pakhungu, m'kamwa, m'matumbo momwe. Amakhala phee chifukwa tizilombo tina tabwino timawapanikiza. Inuyo ndi makapisozi anuwo mwapha alonda."

Ndinawauza kuti ndimadziwa kale (ndinali nditangoiwala pang'ono). Anandipatsa mankhwala opaka, n'kuti mapazi azipitidwa mphepo. Koma Loweruka lokafunsira linali litakwana, ndipo malume ake a Yohane ndine ndekha.

Kunyanja, bambo a mtsikanayo, Che Jafali, msodzi, anatiyalira mkeka pakhonde.

"Malume, vulani majombowo. Mkeka uwu timaswalirapo."

Ndinati ndili ndi chimfine, pansi pakuzizira. Dzuwa lili pamutu, ku Salima.

"Wosavula pakhomo panga sindikamba naye za mwana wanga," anatero modekha.

Mtima wanga wapachala unati nyamuka. Koma Yohane anandigwira malaya. "Malume, chonde."

Ndinavula. Fungo ndi limene linayamba kupereka moni. Che Jafali anawerama n'kuyang'anitsitsa zala zanga ngati akusankha chambo. Kenako anatulutsa phazi lawo pansi pa mkanjo. Abale, langa linali la mwana.

"Wallahi, uyu ndi mwamuna wogwira ntchito. Mafuta a mabuleki munayesa?"

Pamenepo ndinakhala bwino. Ndinawafotokozera za alonda a m'thupi ngati nzeru zanga zobadwa nazo, azibale awo akugwedeza mitu. Ndinawafinyira mankhwala anga pachala. Za ukwati tinamaliza tiyi asanazizire, ndipo Yohane mkazi anamupeza chifukwa cha zala zomwe zija ankazinyoza kunyumba.

Nditafika ndinawauza mayi kuti apepese mapazi anga. Anakana.

M'mawa mwake ndinakumbukira mawu a adokotala akuti mapazi azipitidwa mphepo. Ndinatenga mpeni, kudula majombo onse awiri kutsogolo, zala zili pamtunda ngati ana a mbalame, n'kukalowa nawo m'madzi a mpunga.