Dzina, Mudzi, Mfumu, Boma: Kuthokoza a Komiti Yolirira Anthu Akutali

Zengeza 3,
Chitungwiza.
20 Okutobala 1986

Kwa Olemekezeka Phungu wathu,
Wapampando wa Komiti Yolirira Anthu Akutali,
Nyumba ya Malamulo.

Olemekezeka Bwana,

Ndavula chipewa, ndagwada, ndipo nsapato ndapukuta ngakhale kalata siponda kapeti. Ine ndine Stephano Kaitano, wosita pa kampani ina yochapa masuti m'tauni, komanso mlembi wa bungwe la maliro la anthu akwathu kuno ku Zengeza. Suti yanu yotuwa ija ndaisitapo ndi manja angawa, choncho tinganene kuti ndife odziwana. Ndalemba m'Chichewa chifukwa Chingerezi ndinayesa kamodzi, ndipo zotsatira zake ndi zimene ndadzathokozerazi. Womasulira musamufunefune: a Fabiano amene amakuphikirani ndi munthu wathu, akuwerengerani pobweretsa tiyi.

Mukukumbukira kuti mu Malichi munabwera kuholo yathu n'kutiuza kuti dziko laufulu silingaone anthu akuzunzidwa kwina n'kungopinda manja. Munati wodziwa za nkhanza zochitika kunja abwere nazo ku komiti yanu, koma ukhale umboni, osati nkhani za m'maluwa. Ife tinayang'anana. Kudziko la makolo athu kuli mpingo wina umene anthu ake sagula khadi la chipani, ati chikhulupiriro sichilola, ndipo chifukwa cha kakhadi kameneko amamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kutsekeredwa. Ine si wa mpingo umenewo. Wa mpingowo ndi mlamu wanga Abednego, mlongo wake wa mkazi wanga Esnath. Ndiulule: atabwera kudzacheza chaka chimene dziko lino linalandira ufulu, ankati akatsegula chikwama cha timabuku take, ine n'kukumbukira kuti ndili ndi ulendo wa kuchimbudzi. Ndi munthu wotopetsa ndithu. Koma kutopetsa si mlandu woti munthu amumangire.

Tsono ndiloleni ndithokoze mwadongosolo, popeza dongosolo mumalikonda.

1. Zikomo polandira dandaulo lathu. Tinasaina anthu makumi anayi ndi atatu, ndipo mizere yosainapo ndinaijambula ine mwini ndi rula. Inu mwina mukanangolemba dzina basi. Ife sititero. Kuyambira nthawi ya chitupa, pamene makolo athu ankabwera kumigodi ndi kumafamu, tinaphunzitsidwa kuti dzina lopanda mudzi, mfumu ndi boma si dzina. Timalemba choncho ngakhale pobwereka njinga. Komanso kuno amatinena kuti ndife anthu opanda musha, opanda kwawo, ndiye tinati apa ndi pamene a Bwana aone kuti midzi tili nayo. Aliyense analemba wake monyadira. A Tabeth anawonjezera kuti nyumba yawo ili kuseri kwa dibi. Ine, pofuna kuti umboni ulemere, ndinalemba kuti mlamu wanga Abednego amapempheretsa anthu mobisa m'chigafa cha fodya, Lachisanu lililonse.

2. Zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Mu Julaye munatilembera kuti malinga ndi ndondomeko, mbali zonse ziwiri ziyenera kumvedwa, choncho dandaulo lathu mwalitumiza kwa kazembe wa dzikolo kuti anenepo maganizo ake. Munalitumiza lathunthu, masamba onse asanu ndi limodzi, osasiya ngakhale dibi la a Tabeth. Munthu wamba ngati ine, nkhuku ikandidandaulira za kabawi, sindikanaganiza zomupatsa kabawiyo adiresi ya khola. Pamafunika sukulu kuti munthu afike pamenepo.

3. Ndiyamikenso liwiro. Kalata ya Khrisimasi yopita kumudzi imafika anthu akukolola. Koma dandaulo lathu, litadutsa m'manja mwanu, linafika pamudzi pa apongozi anga m'masabata atatu okha, pa galimoto, ndi anthu anayi olinyamula. A Gordon, oyendetsa lole yodutsa njira ya ku Tete, ndiwo anabwera ndi uthenga. Akuti anthuwo sanasochere ngakhale pang'ono. Anafika Lachisanu, analunjika kuchigafa, ndipo pepala limene anali nalo linali looneka bwino zedi, mizere yanga ili mbee. Makina anu okopera makalata ndi abwino, Bwana, muwasamale. Abednego anamukweza m'galimotomo ndi anzake asanu, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ndende imene ali.

4. Mu Seputembala ine ndi Esnath tinabwera kudzamvera mkangano wanu m'Nyumba ya Malamulo. Tinapanikizana m'katakisi konyamula anthu wamba kotchedwa emejensi, maondo kukhosi, ine nditabwereka jekete la kasitomala wina amene sakudziwa mpaka pano. Ndipo munalankhula! Munatchula akaidi a maiko a kutsidya kwa nyanja mmodzimmodzi, maina opota lilime, osaphonya ngakhale chilembo. Munapukuta maso ndi kampango koyera. Aphungu anamenya matebulo, ena mpaka kudzuka kutulo kuti amenye nawo. Kenaka Nyumba yonse inagwirizana kuti yakhudzidwa kwambiri, ndipo munaimirira chete kwa mphindi imodzi. Esnath anali atatchera khutu kudikira dzina la mlongo wake. Ndinamunong'oneza kuti mwina Abednego ali m'kati mwa mphindi yacheteyo, koma sanaseke.

5. Potsiriza, zikomo potitumizira yankho la a kazembe. Akuti kudziko lawo kuli bata, aliyense amapemphera momwe afunira, ndipo osainawo ndi anthu osokonezeka amene boma lawo likufunitsitsa kuwathandiza akadzapita kukaona abale. Inu munalemba m'munsi kuti komiti yakhutira ndipo nkhani yatsekedwa. Ifenso taona kuti yatsekedwadi. Mabanja makumi anayi ndi atatu tsopano sangapite kumudzi ngakhale kumaliro, ndipo ine monga mlembi wa bungwe la maliro ndikudziwa tanthauzo lake.

Apa mundikhululukire, ndisiye kaye mwambo. Wopalamula woyamba ndine. Rula inali yanga, mawu a chigafa anali anga, ndipo ndikuchita manyazi ndi mantha. Esnath sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Amadzuka, amapita kukagulitsa tomato wake, amabwerako, amandiikira madzi osamba, koma sandiyang'ana kumaso. Akanandigenda ndi mbale ndikanapepukidwa. Ana athu, amene tikawalankhula Chichewa amayankha Chishona, andifunsa za malume awo kuti sekuru Abednego analakwa chiyani, ndipo ndasowa yankho m'zinenero zonse ziwiri.

Pempho langa ndi laling'ono, lokwana m'thumba la suti yotuwa ija. A Gordon akuti oyang'anira ndende kumeneko amachita naye mantha mkaidi amene dzina lake latchulidwa m'nyumba ya malamulo ya dziko lina. Wotereyo amamupatsa bulangete, ndipo samwalira mwadzidzidzi ndi malungo. Wosatchulidwa ndiye amangosowa. Sindikupempha kuti mutumize asilikali kapena mukwiyitse anansi. Ndikupempha kuti tsiku lina, muli chiimire pamalo anu aja, mutsegule pakamwa n'kunena kuti Abednego Stanislaus. Ndi dzina losavuta, a Fabiano akhoza kukuyeseza nalo pa kadzutsa.

Ndikumvetsa kuti vuto la mlamu wanga ndi kuyandikira. Misozi ya komiti yanu imatuluka bwino munthu akakhala kutali, kumene kulibe kazembe woti mukumane naye paphwando. Ngati zili choncho, musavutike mtima: ingomusamutsani. Nenani kuti Abednego akuzunzidwa kutsidya kwa nyanja, m'dziko lililonse limene Nyumba imakonda kulirira, ndipo ngati kungathandize mumuwonjezere Francisco kuti amveke wakutali. Ife sitikutsutsani. Bola dzinalo limveke mokweza, lilembedwe m'buku lanu, a kazembe alimve. Adiresi yake musavutike nayo, ali nayo kale.

Kalata ino ndaiika poyera kuti musataye nthawi kuikopera aliyense.

Ine wantchito wanu wosita, wogwadabe mpaka mutatchula,

Stephano Kaitano
(Mudzi, mfumu ndi boma ndasiya dala.)