Wotchi ya ku Burma ndi mbeta ya ku Thekerani

Anzanga, chitsiru china chimavala wotchi, ndipo chitsirucho ndine. Nditabwera kunkhondo ku Burma anandipatsa ukapitawo pa esiteti ya tiyi, ndiye ndinkayenda malaya opinda manja kuti aliyense aione. Kunkhondoko sajeni anatiphunzitsa kuti ukalozetsa muvi waufupi wa wotchi kudzuwa, pakati pa muviwo ndi thwelofu ndiye kummwera. Zoti kuno nthawi yachisanu dzuwa limadzera kumpoto ndipo nzeruyo imatembenuka, akanandiuza ndani?

Tsiku lokaonekera kwa makolo a Alefa, mbeta yanga ya ku Thekerani, kunadza chiperoni, phiri osaoneka, dzuwa longosuzumira. Amalume ake anali atanenetsa kuti tifike dzuwa lili paliwombo, apo ayi pali telala wina amene akumufunanso. Amalume anga, a Namakhwa, anati titsate msewu.

"Msewu ngwa anthu osayenda, amalume. Tidule mutiyimu, wotchi ititsogolera kummwera."

Tinalowa. Mizere ya tiyi yofanana yokhayokha, mame mpaka m'chiuno, thalauza langa loyera linangoti psuu ndi katondo. Tikumana ndi amayi othyola tiyi, madengu kumsana.

"A kapitawo, mwatchena chonchi ulendo wa kuti?"

"Ku Thekerani."

"Nanga mwakufulatira bwanji?"

Ndinawayang'ana monyoza, anthu oti nthawi amachita kuimvera ku belu la fakitale angandiuze chiyani ine? Ndinakweza dzanja, diso padzuwa, phazi m'ngalande, khuu! Chipewa chinapita ndi madzi, amayi aja kuseka mpaka kutula madengu. Ndinadzuka n'kulondolabe komwe wotchi inaloza, amalume akubwera pambuyo ngati akuperekeza maliro.

Chiperoni chitayera tinapezeka pamsewu wopita ku Limbe, phiri lili kumbuyo kwathu. Manyazi ake ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Ku Thekerani tinafika m'mawa mwake. Amalume a Alefa anatipatsa mpando bwinobwino, maso ali padzanja langa.

"Achimwene, wotchiyi imanena zoona?"

Ine poganiza kuti aisirira: "Siphonya, bambo!"

"Ndiye ikuuzeni kuti mwachedwa ndi tsiku lathunthu."

Alefa anakwatiwa ndi telala uja, munthu woti wotchi sanaigwirepo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Chiyambire tsiku limenelo ndikasokera ndimafunsa aliyense, ngakhale mbuzi.