Moni wa a Lackson pa Wailesi ya Magitala

Lolemba, 9 Okutobala

Mvula. Basi yachedwa. Masangweji ambiri ngati kale, chifukwa Dublin yense akumanga nyumba ndipo omangawo sakhuta.

Wailesi ya kufakitale sichoka pa siteshoni ya nyimbo zakale za magitala. Poyamba ndinkati ndi phokoso. Pano ndimazidikira. Mawu ndimatola pang'onopang'ono ndi Chingerezi changa cha kupulayimale. Ya pamtima panga ndi ya mnyamata amene ali kutali, akulakalaka kwawo ndi amayi ake. Ikalira ndimapaka batala misozi ili m'maso.

A Lackson a ku Chipata, amene amanyamula mapaleti, matabwa oikapo katundu, ndi kagalimoto, nawonso amaikonda. Amaimba nawo mokweza. Akati, "Muli bwanji, ba sisi?" ine ndimayankha maso ali pa masamba a letesi.

Nthawi ya 11 koloko muulutsi amawerenga mameseji a omvera. Ndiwatumizira a Lackson nyimboyi. Pakamwa sindingathe.

Lachiwiri

Ndichita ngati kwathu. Mtsikana sapereka moni pa wailesi kwa mwamuna yekha, angakunene mpaka kumsika. Umayamba ndi akuluakulu. Ndalemba chonchi:

amayi ku Balaka
amalume ndi akazi awo
achemwali Ethel, amene ndikukhala nawo
a Lackson
abusa athu
amayi onse a kutchalitchi
odwala m'zipatala

A Lackson ali pakati penipeni, obisika bwino. Iwo amva, ena sazindikira. Dzina langa sindiika, ndangoti mtsikana wa masangweji ku Clondalkin, dera la fakitale yathu. Nditumiza mawa.

Lachitatu

Ndatumiza! M'chimbudzi, nthawi ya tiyi.

Sanawerenge. Wawerenga ya bambo wina wa ku Drumcondra wopereka moni kwa galu wake. Galu! Ndipo galuyo amuimbira nyimbo yaitali, ya ng'oma zamphamvu. Amayi anga kudikira, galu patsogolo.

Lachinayi

Mayo ine!

Wawerenga. Akuti, "Iyi ikupita kwa Lackson, kuchokera kwa mtsikana wa masangweji ku Clondalkin." Basi. Amayi palibe. Amalume palibe. Ngakhale odwala wawataya!

Kenako akuti nyimbo yanga waimba kale m'mawa, ndiye watisankhira ina yotentha. Lero lokha Chingerezi ndikumva chonse. Chitseko chitsekedwe. Nyale izime. Mpaka kuche. Woimbayo akubuula ngati wapsa ndi phala.

Fakitale yonse yandiyang'ana. Akazi ena pano ndi a ku Poland, wina wopereka moni kwa Lackson angakhale ndani kupatula ine? Iwo akuwomba m'manja. Mayi Bernie, akapitawo athu, msinkhu wa amayi anga, akuimba mawu onse osaphonya, chiuno chikugwedera, mpeni uli m'manja. Akuti, "Iwe wachete iwe, kani!"

A Lackson agunda paleti ya buledi.

Nkhomaliro ndadyera m'chipinda chozizira, pakati pa tchizi.

Lachisanu

Sindinagone. Ndiyenera kukonza. Meseji yachiwiri: "Bambo, munadula mayina. Moni unali wa onse, ndi abusa anga omwe. Kwathu akuluakulu sitiwadula."

Wawerenga yonse, akuseka. Wapepesa. Walumbira kuti sadzadulanso dzina la munthu. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndiye akuti, "Iyi ndi ya abusa!"

Mawu a nyimboyo: mowa, mkazi wa kadiresi kakafupi, njinga yamoto, ndi apolisi pambuyo.

Ndinaiwala kuti kunyumba ya okalamba ku Santry, kumene achemwali amagwira ntchito, amatsegula siteshoni yomweyi. Foni yalira ndisanavule magolovesi. "Mng'ono wanga, abusa wawapemphera nyimbo ya kachasu? Nanga Lackson ameneyu ndi wa kwa yani?" Akuti nkhalamba zina zinavina ndi ndodo zawo.

A Lackson lero apereka moni kwa khoma. Ine ndayankha letesi. Zinthu zafika poipa kuposa Lolemba.

Loweruka

Ntchito ya theka la tsiku. Ndapempha Mayi Bernie atsitse wailesi. Akweza.

11 koloko. "Tili ndi meseji yochokera kwa Lackson!"

Atsikana aimitsa mipeni. Muulutsi akusunga lumbiro lake, akuwerenga onse, lilime likupunthwa:

bambo awo ku Chipata
amalume awiri
mlongo wawo wa masangweji
timu yawo ya mpira
oyendetsa mabasi onse a ku Clondalkin

Mlongo!

Ndatchera khutu kuti mawu a nyimbo andiuze zoona zake. Gitala walira. Waliranso. Ng'oma zalowa. Ndikudikira woimba atsegule pakamwa. Nyimbo yatha. Yopanda mawu! Ngakhale limodzi!

Mayi Bernie akufunsa, "Ndiye wavomera kapena wakana?" Andifunsa ine!

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Pakhomo abusa andigwira dzanja nthawi yaitali. "Moni wako ndinaulandira, mwana wanga. Ulendo wina nyimbo ndidzasankhe ndekha." Amayi abusa sanaseke.

Achemwali achotsa mabatire m'kawailesi kanga.

Ndagona chagada, ndikuganiza. Andiika pakati penipeni. Munthu amaika pakati chimene akubisa, ine ndikudziwa. Komanso munthu amaika pakati chimene sichoyamba, sichomaliza, chongodzazira malo. Ndili pakati pa amalume ndi timu ya mpira.

Kuwafunsa pamaso sindingathe. Muulutsi sindimukhulupiriranso. Ndachita manyazi pamaso pa Dublin yense kuti ndidziwe chinthu chimodzi, ndipo sindikuchidziwabe.

Ndasita yunifolomu. Ndikhala mlongo.